Kafula wa Gresham

Amene anandilakwira ndi Gresham Namakhwa, mwana wa mchemwali wake wa malemu mkazi wanga, ndipo anandilakwira chaka chimene madzi anakokolola mlatho wa kwa Mwanakhu, chaka chomwecho chimene tinaika mkazi wangayo, Eneresi, m'manda. Dzina lakelo ndalitchula lonse mwadala. Ngati pano pali wachibale wake, anyamuke, ine sindimugwira mwendo.

Ine ndine Sikelo Nahawa, ndipo monga mukundioneramu, Mulungu anandimana msinkhu. Ana a sukulu amandipitirira asanayambe n'kumera ndevu komwe. Koma ndinakwatira, ndinaumba njerwa, ndinaziotcha, ndinamanga nyumba ya malata ndi manja awawa m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Eneresi anali mkazi wamtali, ndipo zaka zonse zimene tinakhala limodzi sanandisekepo ngakhale tsiku limodzi. Ana sitinabereke. Bala langa linali pamenepo: mkamwini pamudzi pa eni ake, wopanda mwana woti aimirire n'kunena kuti awa ndi bambo anga, asiyeni.

Gresham anali atangobwera kuchokera ku Joni. Anamanga malo ogona alendo okwera phiri, kumtunda kwa dimba la nthochi, pafupi ndi nyumba yanga. Titangometa maliro, anandipeza ndikusenda chinangwa pakhonde.

"Bambo, mwambo mukuudziwa," anatero, osakhala n'pansi pomwe. "Mayi aang'ono apita. Inu mumayenera kusudzulidwa, mubwerere kwanu ku Phalombe."

"Ku Phalombe kuli ndani, mwanawe? Onse anatha."

"N'chifukwa chake ndabwera. Ine ndine munthu wachifundo. Nyumbayi khalanimo mpaka imfa. Kungoti pali kantchito kakang'ono." Ponena kuti kakang'ono, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo maso ake sanayende mtunda wautali.

Kantchitoko kanali aka. Masiku a chiperoni, chifunga chikatseka phiri, alendo sangakwere. Ndiye Gresham anabwera ndi sewero lochokera ku Joniko loti azitayira nthawi. Amakhala mozungulira tebulo m'chisakasa. Patebulopo pamayalidwa nsalu yojambulidwa mapiri, mitsinje ndi mapanga, ndipo pansalupo amaimikapo tiziboliboli totalika ngati chala. Mlendo aliyense amasankha kake: wina akhale msilikali, wina mlenje, wina wamatsenga. Gresham ndiye mwini nthano. Amati, "Mwafika pakamwa pa phanga, mkati muli mdima, mutani?" Iwo n'kuyankha, n'kuponya madayisi, timiyala ta manambala tija, kuti aone ngati apulumuka. Anthu akuluakulu, ena a imvi, kumakuwa ngati aona njoka chifukwa cha phanga lojambula pansalu.

M'bokosi la tiziboliboliti munali kena kafupi kuposa tinzake, kandevu, kovala chipewa chosongoka. Kwa azunguko kali ndi dzina lake, lilime langa silikhotera kumeneko. Gresham anakanyamula n'kukayandikitsa kumaso kwanga.

"Kwathu kuno ameneyu ndi Kafula."

"Ndiye ntchito yake m'seweromo n'chiyani?"

"Kusenza katundu wa anzake, kukumba maenje, ndi kuseketsa anthu. Pakakhala msampha, amayamba kuponyamo iyeyu. Palibe mlendo amafuna kukhala iyeyu, onse amalimbirana msilikali. Ndiye ndaganiza kuti tikhale ndi wamoyo."

Za Akafula inu nonse munamva. Ndi aja anali eni phirili tisanabwere tonsefe, anthu aafupi amene saoneka wamba. Ukakumana naye amafunsa funso limodzi lokha: "Mwandionera pati?" Iwe umayankha kuti, "Ndakuonerani kutali, muli kuseri kwa phiri lija." Akatero amakondwa kuti ndi wamtali, n'kukusiya upite. Yankho lina kulibe. Musaganize kuti izi ndimazidziwa ndekha. Gresham amazidziwa kundiposa, iye ndi wobadwira pomwepo, mayi ake anamuuza asanamere mano. Ine ndine wobwera.

Anandisokera chipewa cha chiguduli, chosongoka, n'kuchinyika mu utoto wofiira. Pambali pa chisakasacho panali mwala waukulu, ndipo ine ndimanjuta kuseri kwake. Tiziboliboli tikafika paphanga, Gresham amagogoda tebulo, ine n'kutuluka ndikudzandira, n'kufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Alendo anali atawaphunzitsa kale choyankha. Onse pamodzi amakuwa kuti, "Pompano, kamdala!" Kenako phwete. Ena amandigenda ndi makoko a mtedza. Mtsikana wina wa ku Blantyre, woyenera kukhala mdzukulu wanga, anatsamiritsa chigongono chake pamutu panga kuti amujambule chithunzi.

Ndinavomera. Mukadakhala inu mukadatani? Madzulo ndimalowa m'nyumba yanga, n'kutseka chitseko changa, n'kugona pamphasa imene anagonapo Eneresi. Ndimadziuza kuti chipewa n'chovala, chimavulidwa. Koma pamudzi dzina la Nahawa linafa. Ana amanditsata kumadzi akuimba kuti Kafula, Kafula. Ngakhale kutchalitchi, mkulu wa mpingo lilime linamuterera pondiitana kuti nditseke ndi pemphero, ndipo amayi a kwaya anabisa nkhope m'zitenje.

Zodabwitsa zinayamba pang'onopang'ono, moti poyamba palibe anaziwerengera.

Kachiboliboli kandevu kaja kanasowa m'bokosi. Gresham anati ndaba ndine, anandipisa m'matumba alendo akuona. Mawa lake Mayi Nampinga, amene amaphikira alendowo, anakapeza pamwamba pa mwala uja, katapenya kuphiri. Mwalawo pamwamba pake ine sindifikapo ngakhale nditakwera pampando. Anakabwezera m'bokosi, anakhoma loko. M'mawa kanali pamwala pomwepo, lokoyo ili chikhomere.

Kenako zitsulo zinayamba kutha. Masipuni, mpeni wosendera mbatata, chogwirira cha ketulo, ngakhale misomali ya m'mipando. Mlendo wina anangokhala pampando, mpando n'kuphwasuka, ndipo pamene anauyang'ana unalibe msomali ndi umodzi womwe, mabowo okha ali yasa. Masiku omwewo, masana dzuwa litabisala, kuchigwa kumtunda kumamveka ngati wina akusula. Ngwe. Ngwe. Ngwe. Ukaima kuti umvetsere, zii. Ukayamba kuyenda, ngwe.

"Ndi ocheka matabwa," anatero Gresham.

"Bwana, matabwa salira chonchija," anayankha Mayi Nampinga.

"Inu munalembedwa kuphika kapena kumvetsera?"

Chimene chinandilowa m'mafupa ine chinali kuseri kwa mwala. Tsiku lina ndikukanjuta pamalo panga, ndinapeza udzu utagona kale, ndipo pansi pali pofunda ngati pangochoka munthu. Pamanunkha utsi wa nkhuni zaziwisi ndi uchi. Ndinanjuta pomwepo, poti kwina kunalibe. Chifunga chinali chitatsika mpaka m'chisakasa. Ndikudikira kugogoda kuja, ndinamva kupuma kumanzere kwanga. Ndinagwira mpweya. Kupumako sikunaleke. Sindinacheuke, ndipo pa zinthu zonse zimene ndachita pa moyo wanga, chanzeru chinali chimenecho.

Gresham anagogoda. Ndinatuluka, ndinafunsa funso langa. Koma mawu anatuluka awiri. Anga anatsogola, enawo akubwera pambuyo pang'ono, ngati mwana wotsatira nyimbo imene sanaidziwitsitse. Alendo anaseka monga mwa masiku onse. Mayi Nampinga, amene amabwera ndi tiyi, anagwetsa makapu onse.

Atabalalika alendo, mayiyo anandikokera kuseri kwa khitchini.

"A Nahawa, munali ndi ndani kumwala kuja?"

"Ndinali ndekha."

"Musandinamize, ine ndine mayi wa ana. Munali ndi ndani?"

Ndinavula chipewa n'kulunjika kunyumba kwanga.

Sabata yomweyo ndikuchokera kumtsinje, chipewa chili m'manja poti ndinali nditachichapa, ndinakumana ndi munthu panjira ya m'nthochi. Chifunga chinali choti sungaone dzanja lako. Ndinangozindikira waima patsogolo panga. Tamverani ichi. Chibadwire changa, munthu wamkulu aliyense ndimamuyang'ana chokweza mutu. Khosi langali linazolowera. Tsiku limenelo ndinayang'anana ndi munthu wachikulire maso ndi maso, khosi lili chilili. Nkhope yake musandifunse. Ndayesa kuikumbukira, imangosungunuka ngati mchere m'madzi. Ndimakumbukira fungo la utsi ndi uchi, ndi mapazi otambalala ngati makasu.

Sanandifunse kanthu. Anangoyang'ana chipewa chija nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja n'kuchikhudza kunsonga ndi chala chimodzi. Ine ndinapatukira m'thengo. Pamene ndimabwerera panjira, munalibe munthu, ndipo m'matope munali mapazi anga okha.

Ndinapita molunjika kwa Gresham n'kumuponyera chipewacho pamiyendo.

"Zako izi. Eni ake abwera."

"Eni ake ati?"

"Ukuwadziwa. Mayi ako anakuuza."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Madala, mwatopa ndi ntchito basi. Nenani zoona. Koma mukumbukire kuti chipewachi ndi nyumba ija n'chinthu chimodzi. Mukavula ichi mwavula zonse."

"Ndine bambo ako ine, Gresham. Ndinakunyamula pamapewa awa uli ndi chikuku."

"Ndiye sindinakwere patali," anatero.

M'mawa mwake anabwera ndi anyamata aganyu. Anazula chitseko cha nyumba yanga. Anakwera padenga n'kukanganula malata anga, amene ndinawagula ndi thukuta la m'minda ya tiyi, ndipo anakafolerera chimbudzi cha alendo. Mphasa ya Eneresi anaiponya panja, mvula ya chiperoni ikuwaza. Anthu a pamudzi anaima kumayang'ana. Wina mwa iwo anati, "Kafula safuna nyumba, amagona kuphanga." Amene ananena mawu amenewa ndikumudziwa, ndipo naye tsiku lake likubwera.

Mayi Nampinga anandisunga m'khitchini mwawo, tsidya lina la mtsinje. Chifuwa chinandigwira, moti ndinagona masiku angapo osatuluka. Tsiku lina akuchokera kuntchito anaima pakhomo, osalowa, akundiyang'ana ngati ndawabera.

"A Nahawa, mwabwererako bwanji osandiuza?"

"Kubwerera kuti?"

"Kwa bwana. Lero mwatuluka kuseri kwa mwala."

"Mayi, ine kudzuka pano n'kupita kuthengo kokha. Funsani ana anu."

Anakhala pansi pakhomo pomwepo, mtolo wa ndiwo uli pamutu, osautula.

"Chipewa anavala," anatero motsitsa mawu. "Bwana anachipachika pamsomali m'chisakasa, koma lero anagogoda tebulo mwachizolowezi, ndipo chinatuluka chili pamutu. Sanadzandire ngati mmene mumachitira inu. Anangoima. Bwana akuti, funsa funso lako, kamdala. Iye duu. Anayang'ana mlendo aliyense, mmodzimmodzi, kenako anabwerera kumwala. Bwana akuti njala yakubwezani koma manyazi akutsekani pakamwa."

"Nkhope munaiona?"

"Chifunga," anatero, n'kuyang'ana kumbali.

Mawa lake mayiyo anakamuuza Gresham maso ndi maso kuti a Nahawa ali gone m'khitchini mwanga, amene akubwera kunoyu si iwo. Gresham anati tapangana kuti timuopseze. Mayiyo anavula epuloni n'kuisiya patebulo, ntchito inathera pomwepo. Koma anabwera ndi uthenga.

"Akuti Loweruka kukubwera alendo ambiri, basi yodzaza. Akuti mukatuluka n'kufunsa bwinobwino, mokweza, mosanyada, akubwezerani chitseko ndi malata." Anandigwira dzanja. "Musapiteko."

Ndinapita. Inu amene muli ndi nyumba zanu mukhoza kupukusa mitu. Munthu wa zaka zanga kugona pa phulusa la eni, mbuzi zikumununkhiza kumaso, ana a eni akumulumpha popita kukapala moto, amayamba kuona kuti kugendedwa ndi makoko a mtedza si imfa. Ndinadziuza kuti ndikafunsa kamodzi kokha, ndikalandira chitseko changa, ndikadzitsekera.

Loweruka masana ndinawoloka mtsinje. Chiperoni chinali chitagwira kuyambira m'mawa, kamvula kosalekeza kaja. Ndinadzera m'nthochi kuti ndikafike kumwala osaonedwa. M'chisakasa munali phokoso, mabotolo akugundana, madayisi akugubuduzika. Kusula kwa kuchigwa kuja, kumene kunali kusanaleke kwa masabata, tsiku limenelo kunalibe.

Nditatsala pang'ono kufika, ndinaima. Pamwamba pa udzu, kuseri kwa mwala, nsonga yofiira ya chipewa inali kuoneka. Malo anga anali ndi mwini.

Ndinakhala chiimire pakati pa nthochi. Ndinamva Gresham akukweza mawu ake a nthano aja. "Mwafika pakamwa pa phanga! Muponyamo ndani kuti aone ngati muli msampha?" Alendo anakuwa kuti, "Kafula!" Iye anagogoda tebulo.

Chipewa chinanyamuka. Chinayenda pang'onopang'ono, osagwedera, mpaka pakhomo pa chisakasa. Ine ndimaona msana wokha, ndi manja olendewera mpaka m'mawondo. Achule a kudimba analeka kulira. Madontho a m'masamba a nthochi ndimawaona akugwa koma osamveka.

"Mwandionera pati?"

Mawuwo sanali okweza. Anali ngati mwala ukukhulana ndi mwala unzake pansi pa madzi. Gresham anatambasula manja kwa alendo kuti ayankhe zimene anawaphunzitsa. Mzungu wina anali atanyamula botolo, linangoima panjira osafika pamlomo. Mnyamata wina wa ku Zomba, amene ayenera kuti analeredwa ndi anthu, ananong'ona kuti, "Kutali, agogo. Kutali zedi."

"Aaa, mukuononga sewero!" anatero Gresham. Anali atamwako. Anadzuka, anazungulira tebulo, anafika pamene panaima chipewa paja, n'kuwerama ngati akulankhula ndi mwana. Anasanjika dzanja lake pachipewapo n'kuchikanikiza.

"Ndakuonera pompano, pansi pa mkhwapa wanga, kamdala kopanda mwana iwe."

Atatero anaweramuka akuseka, kuyang'ana uku ndi uku kuti aone amene akuseka naye. Mphepo inakankha chifunga pang'ono. Maso ake anadutsa pamwamba pa chipewa, anafika m'nthochi, ndipo anandipeza ine nditaima, mutu wopanda chipewa, manja ali m'matumba a jekete.

Anandiyang'ana. Anayang'ana pansi pa dzanja lake. Anandiyang'ananso. Kuseka kunali kudakali pamilomo, koma kumaso kunali kutachoka.

"Bambo," anatero. Dzina limeneli anali atalisiya chiyambire sewero lija. "Bambo, tabwerani."

Anayesa kuchotsa dzanja pachipewa, dzanja linakana. Anakoka ndi linzake, mapazi akupalasa m'matope. Chipewa chinatembenuka n'kuyamba kuyenda kulowera kumwala, ndipo Gresham, mwamuna wamtali ngati chitseko, anatsatira chowerama ngati mbuzi yopita kumsika.

"Bambo Nahawa! Auzeni! Auzeni kuti ndimasewera!"

Anadutsa pafupi nane moti ndikadatambasula mkono ndikadagwira malaya ake. Ena amandifunsa kuti bwanji simunamugwire. Manja anga anali m'matumba, kunja kumazizira.

Chifunga chinatseka. Alendo onse aja anakhala phee m'mipando yawo, ndipo tinamumva akuitana, poyamba kuseri kwa mwala, kenako kuchigwa, kenako pamwamba penipeni pamene munthu sangafike tsiku limodzi. Amaitana ine. Mayi ake sanawaitane, mkazi wake sanamuitane. Kenako achule anayambiranso.

Chitseko changa sindinachilandire. Abale ake anati ndine mfiti, ndamugulitsa kuphiri, ndipo tsiku lomwelo anagwetsa makoma a nyumba yanga ndi mipini, njerwa n'kugawana. Apolisi ananditenga kukandifunsa, koma alendo aja onse ananena chimodzimodzi, kuti mdalayu tinamuona ataima m'nthochi pamene winayo anali m'chisakasa. Atafunsidwa kuti winayo ndani, aliyense anayang'ana pansi. Anandimasula, koma kwa Mwanakhu, kumudzi kwa Eneresi kuja, anandiuza kuti ndikadzapondako adzandiotcha. Ndi mmene ndinafikira kuno ku Phalombe, kumene ndimagona m'kachisakasa ka mbuzi za anthu amene si abale anga. Manda a Eneresi akumera thengo, wolambula palibe.

Gresham anamupeza anthu ofuna uchi mvula itatha, m'mng'alu wa thanthwe kumtunda kwa chigwa. Anali moyo, ndipo sanali wowonda. Miyendo yake yonse iwiri imathera m'mawondo, zilonda zitapola bwinobwino ngati za kalekale. Mkazi wake anabwerera kwawo. Malo a alendo aja mukugona mileme. Iye amakhala pakhonde pa mayi ake, salankhula, amayenda chokhwekhwereza matako, ndipo amene amuona akuti mutu wake sungandifike paphewa.